Kupanga pulogalamu ya pa kompyuta mwachangu: tisankhe chida chiti kuno ku Joni?

Ambiri a ife amene timalemba mapulogalamu kuno ku Johannesburg sitili m'maofesi a magalasi a ku Sandton. Ntchito zimene zimatipeza n'za anthu akwathu ndi anansi awo: bambo amene ali ndi ofesi yotumiza katundu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, mayi wa saluni ku Rosettenville, telala wa ku Fordsburg wofuna kudziwa amene walipira theka ndi amene sanalipire n'komwe, mnyamata wokonza mafoni m'tauni. Akati "mundipangireko system", akufuna pulogalamu yoti izitseguka pa kompyuta ya pakauntala, izigwira ntchito ngakhale data itatha, ndipo izitulutsa lisiti kasitomala asanatope n'kudikira. Ndalama zimene angapereke si zambiri. Ntchito yotere ikakutengera miyezi ndiye kuti wagwira yaulere, pomwe lendi sadikira munthu.

Tisanatchule zida, tigwirizane kaye kumene nthawi imathera. Kuika batani pa windo n'kosavuta pa chida chilichonse, n'chifukwa chake m'mavidiyo a pa YouTube zida zonse zimaoneka zachangu. Nthawi yeniyeni imathera pa tebulo la mizere yambirimbiri loti munthu azisakamo ndi kusinthamo, pa pulinta, pa kulongedza pulogalamu kuti ikayake pa kompyuta ya eni ake, komanso pa zosintha zimene abwana amabwera nazo akaiona ikugwira ntchito. Chida chilichonse ndichiyesa pa zimenezi. Chitsanzo changa ndi ofesi yotumiza katundu ija. Ikufunika fomu yolembapo wotumiza, wolandira, nambala ya foni, kumene katundu akatsikire ndi mtengo m'marandi. Ikufunikanso tebulo la katundu yense amene wakwera lole ya sabata ino, ndi lisiti.

Ngati Python muli nayo kale m'manja

Tkinter, chida chopangira mawindo ndi mabatani, imabwera limodzi ndi chiyankhulo cha Python pa Windows, palibe china chotsitsa. Pansi pake pali Tk, imene John Ousterhout anaitulutsa mu 1991. Pa kapulogalamu ka mabatani atatu, monga kowerengera marandi kukhala makwacha, palibe chingaipose kufulumira. Mavuto amayambira pa tebulo. Treeview, chigawo chake choonetsera matebulo, imaonetsa mizere bwinobwino, koma kuti kalaliki adine kabokosi kamodzi n'kusinthamo mtengo, njira yake muyenera kuipanga nokha. Za pulinta nazonso mukasake kwina. CustomTkinter imakongoletsa maonekedwe koma mavuto awiriwa siichotsa. Pa ntchito ya ofesi ya katundu, ine sindingayambe nayo.

Qt ndiye nkhani ina, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi chida chimene ndimalangiza anthu ambiri. Anaiyamba ndi Haavard Nord ndi Eirik Chambe-Eng ku Norway, inatuluka poyera mu 1995, Nokia inaigula mu 2008, ndipo lero ili m'manja mwa The Qt Company. VLC, OBS Studio, VirtualBox ndi QGIS zonse mawindo ake ndi a Qt, choncho si chinthu choti mungaope kuti mawa chizimiririka. Wa Python amailowera pa makomo awiri, PySide6 kapena PyQt6.

Chachikulu chimene chimapulumutsa nthawi ndi Qt Designer. Mukaika PySide6, Designer amabwera nayo, mumangolemba pyside6-designer basi yatseguka. Mumakoka bokosi lolembamo ndi mawusi, kuliika pa fomu, kulipatsa dzina lomveka monga dzina_la_wotumiza, n'kusunga zonse mu fayilo ya .ui. Kenaka pyside6-uic amasandutsa fayilo imeneyo kukhala khodi ya Python. Khodi yotulukayo musaikhudze ndi dzanja, yanu lembani mu fayilo ina. Mukatero, tsiku limene abwana adzati bokosi la nambala ya foni likhale pamwamba pa dzina, mudzangotsegula Designer, kulisuntha, kutulutsanso fayilo, zina zonse zili m'malo mwake.

Ubwino winanso wa Designer anthu sautchula kawirikawiri. Mukhoza kunyamula laputopu n'kukakhala pakauntala pomwepo, kujambula fomu eni ake akuona, musanalembe mzere ndi umodzi womwe wa khodi. Munthu amene sangathe kufotokoza chimene akufuna, akachiona pa sikirini amayankhula. Mpamene mumamva mawu ngati akuti: "Achimwene, apapa pakusowa poti tizilemba ngati katundu walipiridwa kuno kapena akalipira wolandira kumudzi." Chinthu choterechi chikatulukira pa tsiku loyamba n'chopepuka. Chikadzatulukira database itadzaza kale, chimakudyerani masiku.

Pa tebulo mpamene Qt imawina kwenikweni. Muli QSqlTableModel, imene mumailozetsa pa tebulo la mu SQLite (database yaing'ono yokhala mu fayilo imodzi), ndi QTableView imene imaonetsa zili mmenemo. Mukazilumikiza, kalaliki akhoza kudina kabokosi, kusintha mtengo, ndipo kusinthako kumakalowa mu database popanda inu kulemba SQL yambiri. Mizere imakokedwa pang'onopang'ono malinga ndi mmene munthu akutsikira, choncho tebulo la chaka chonse silimangitsa pulogalamu. Mukafuna kabokosi kosakira dzina, QSortFilterProxyModel alipo. Ongoyamba ambiri amathamangira QTableWidget chifukwa imaoneka yophweka, kenaka amapezeka akukopera okha kabokosi kalikonse kuchokera mu database ndi kukabwezanso. Dzikakamizeni kuphunzira njira ya QSqlTableModel ndi QTableView ija, yotchedwa model ndi view, pachiyambi pomwe. Imavuta masiku oyamba, koma mudzaigwiritsa ntchito pa kasitomala aliyense wobwera m'tsogolo.

Kulumikiza batani ndi ntchito yake ndi mzere umodzi: batani.clicked.connect(sunga_katundu). Za pulinta ziliponso. Lisiti mukhoza kulilemba ngati kapeji ka HTML mu QTextDocument n'kulitumiza ku pulinta ya A4 kapena kulisunga ngati PDF yoti atumize pa WhatsApp. Timapulinta ta malisiti ta pepala la 58 mm kapena 80 mm tambiri timamva malamulo a ESC/POS, ndipo python-escpos imayankhula nato.

Zovuta zake sindibisa. Zolemba zambiri zofotokoza Qt zinalembedwa poganizira wa C++, ndiye nthawi zina mumayenera kumasulira nokha zitsanzo. Kulongedza nako kumawawitsa mutu. PyInstaller imatulutsa pulogalamu ya ma MB makumi angapo, ndipo mukaiuza kuti iunjike zonse mu fayilo imodzi, pulogalamu imachedwa kutseguka chifukwa imayamba yadzimasula kaye. Ma antivirus ena amaikayikiranso fayilo yotere ngakhale ilibe vuto. Njira yabwino ndi kutulutsa foda yonse, kenaka kuikulunga ndi Inno Setup, chida chopangira fayilo yoikira pulogalamu, imene ndi yaulere. Dziwaninso kuti Qt 6 siyenda pa Windows 7.

Pa makomo awiri aja, sankhani PySide6. Khodi yake ndi ya PyQt6 n'zofanana kwambiri, koma laisensi n'zosiyana. PyQt, ya Riverbank Computing, ili pa GPL, kutanthauza kuti mukagulitsa pulogalamu osapereka khodi yake muyenera kugula laisensi. PySide6 ili pa LGPL, imene imalola kugulitsa pulogalamu yanu khodi yake ili yanu, bola mutsate malamulo ake. Komabe zigawo zina za Qt, monga Qt Charts, zili pa GPL ngakhale mukugwiritsa ntchito PySide6, ndiye musanaike magirafu yang'anani kaye. Ndipo ngati mumafunsa zida za AI kuti zikulembereni khodi, chenjerani: kawirikawiri zimasakaniza kalembedwe ka PyQt5 ndi ka PySide6, ndipo mukhoza kutha madzulo onse mukusaka chifukwa chimene pulogalamu ikukanira.

C# ndi zida za Microsoft

Ngati n'zodziwikiratu kuti pulogalamu izikhala pa Windows pokha, Windows Forms (WinForms), chida cha Microsoft chopangira mawindo mu chiyankhulo cha C#, imafulumira modabwitsa. Inabwera mu 2002 ndipo mpaka lero Microsoft ikuisamalabe. Mu Visual Studio, pulogalamu ya Microsoft yolemberamo khodi, mumakoka batani, kulidina kawiri, ndipo malo olembamo zimene lizichita amatseguka pomwepo. DataGridView ndi tebulo lamphamvu losinthika kale, ndipo PrintDocument amayankhula ndi pulinta iliyonse imene Windows ikuidziwa. Fomu ya katundu ija pamodzi ndi tebulo lake mukhoza kuziona zikuyenda lisanalowe dzuwa.

Pali kanzeru kamodzi kothandiza pa makompyuta a m'mashopu. Mukamanga pulogalamu pa .NET Framework 4.8, imene imakhala kale mu Windows 11 ndi mu Windows 10 yosinthidwa, fayilo yanu imakhala yaing'ono ndipo imayaka popanda kuikamo china. Mukasankha .NET yatsopano mumapeza zinthu zamakono, koma muyenera kuikamo runtime yake (mafayilo amene pulogalamu imadalira kuti iyake) kapena kuilongedza limodzi, pulogalamu n'kukula.

Visual Studio Community ndi yaulere kwa munthu payekha ndi kwa timagulu ting'onoting'ono, koma kuitsitsa ndi ma GB angapo. Musayerekeze pa bandulo ya foni, pezani malo a wifi yopanda malire. Msampha wa WinForms uli mu kuphweka kwakeko: chifukwa kudina batani kawiri n'kosavuta, munthu amalemba zonse mmenemo, kuwerengera VAT ya 15%, kusunga, kusindikiza, mpaka fomu imodzi kufika mizere yosawerengeka. Miyezi ingapo ikadutsa, ngakhale amene anailemba amaopa kuikhudza.

WPF, ya mu 2006, imathetsa zina mwa izi. Maonekedwe mumawalemba mu XAML, khodi ya ntchito imakhala kwina, ndipo zilembo zimaoneka bwino pa sikirini ya mtundu uliwonse. Koma kuiphunzira pamodzi ndi MVVM, kakonzedwe kolekanitsa maonekedwe ndi khodi ya ntchito, kumatenga nthawi, choncho pa ntchito yoyamba yofunika sabata ino si yachangu. Avalonia ndi m'bale wake wa WPF amene amayendanso pa Linux ndi macOS. Chinanso chokomera C# n'chakuti makampani ambiri a kuno amafuna anthu oidziwa, ndiye nthawi imene mukuthera pa ntchito ya telala ikukukonzeraninso CV.

Lazarus, chida chimene anthu amachinyoza osachiyesa

Borland inatulutsa Delphi mu 1995, ndipo mmodzi mwa amisiri ake akuluakulu anali Anders Hejlsberg, yemweyo amene pambuyo pake anatsogolera C# ku Microsoft. N'chifukwa chake wodziwa chimodzi savutika kumva chinzake. Kuno ku South Africa Delphi ili ndi malo apadera, chifukwa m'masukulu a boma amene amaphunzitsa phunziro la IT ana amalemba mapulogalamu mu Delphi mpaka matric. Ngati muli ndi mwana kapena mphwanu amene anadutsa mmenemo, dziwani kuti kukoka mabatani pa fomu ndi kulumikiza tebulo ku database akudziwa kale.

Delphi yeniyeni ndi yodula, ndipo Community Edition yake yaulere ili ndi malire: ndalama zimene mumapeza zikafika madola 5,000 pa chaka muyenera kugula. Lazarus, imene imayenda pa Free Pascal, ndi yaulere kotheratu ndipo kagwiridwe kake n'kofanana kwambiri. Mumakoka DBGrid (tebulo) ndi DBEdit (bokosi lolembamo), kuzilumikiza ku SQLite, ndipo mizere imatha kuoneka mudakali kujambula fomu. LazReport imakonza malisiti ndi malipoti. Kumanga pulogalamu kumatenga masekondi. Chotuluka ndi fayilo imodzi ya exe imene mumaika pa fulashi pamodzi ndi sqlite3.dll, basi. Poyamba fayiloyo imaoneka yaikulu chifukwa cha zothandizira kusaka zolakwika zimene zimalowamo, koma mukazichotsa imatsika kufika ma MB ochepa.

Pa kompyuta yakale yogula kwa ogulitsa zakale, ya RAM yochepa ndi hard drive yozungulira, palibe chida pa zonsezi chimene chimatseguka msanga ngati pulogalamu ya Lazarus, ndipo imayenda ngakhale pa Windows 7. Kuipa kwake n'kwakuti anthu oigwiritsa ntchito ndi ochepa. Mukakakamira penapake mayankho pa intaneti sapezeka ambiri, ndipo kulumikiza ku mautumiki amakono a pa intaneti kumafuna thukuta kuposa pa Python. Makampani olemba ntchito anthu a Pascal nawonso ndi ochepa poyerekeza ndi olemba a C# kapena Java.

Amene anachokera ku mawebusaiti

Achinyamata ambiri amene ndimakumana nawo ku Braamfontein anayambira pa HTML, CSS ndi JavaScript. Kwa iwowa njira yachangu ndi yoti asasiye zimene akudziwa.

Electron inayambira ku GitHub mu 2013, ndipo Visual Studio Code, Slack ndi Discord zinamangidwa pa iyo. Imatenga Chromium yonse (injini ya browser ya Chrome) ndi Node.js (choyendetsera JavaScript kunja kwa browser) n'kuzikulunga limodzi ndi peji yanu. Ubwino wake ndi woti pulogalamu imaoneka chimodzimodzi paliponse, ndipo pa npm, nkhokwe ya khodi ya JavaScript yolembedwa kale, pali pafupifupi chilichonse chimene mungafune, matebulo amphamvu omwe. Mtengo wake amalipira ndi kasitomala. Ngakhale kapulogalamu ka fomu imodzi kakaikidwa kamadya malo opitirira 100 MB, ndipo RAM kamadya ngati browser. Zili ngati kubwereka lole yonse kuti inyamule thumba limodzi la ufa. Pa kompyuta ya 4 GB pamene kalaliki watsegulanso Chrome ndi WhatsApp, kulemerako kumamveka. Ndipo nthawi iliyonse mukakonza kanthu, mumatumizanso fayilo yaikulu kwa munthu amene akugula data ndi ndalama zake.

Tauri inabwera kudzathetsa vuto limenelo. Mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2022, wa 2.0 mu 2024. M'malo monyamula browser yakeyake imabwereka imene ili kale mu kompyuta, WebView2 pa Windows ndi WebKit pa macOS ndi Linux, choncho pulogalamu imakhala ya ma MB ochepa. Kumbuyo kwake kuli chiyankhulo cha Rust. Pa zinthu wamba monga mafayilo ndi SQLite pali ma plugin okonzeratu, ndipo mukhoza kupita patali musanalembe Rust yambiri. Koma tsiku limene mudzafune kuyankhula ndi kapulinta ka malisiti kapena sikelo yoyezera katundu ya pa USB, mwina mudzakumana nayo maso ndi maso, ndipo Rust si chiyankhulo chophunzira usiku umodzi. Kukonzekera kompyuta yanu nako kumafuna zida za C++ za Microsoft, ndipo kumanga koyamba kumachedwa. Ine ndimati wa mawebusaiti ayambe ndi Tauri ngati pulogalamu ndi ya mafomu ndi matebulo, apite ku Electron pokhapokha pali chida cha Node.js chimene sangachite popanda icho.

Flutter ya Google inayamba kudalirika pa Windows mu February 2022, ndipo pa macOS ndi Linux mu May chaka chomwecho. Hot reload yake ndi yokoma: mukasintha khodi, windo imasintha pomwepo osayambiranso. Ubuntu inalembera mu Flutter pulogalamu yake yatsopano yoikira dongosolo lonse pa kompyuta. Komabe mizu ya Flutter ili pa foni, ndipo matebulo aakulu ndi ntchito ya pa kiyibodi zimafuna zowonjezera. Isankheni ngati abwana anenetsa kuti madalaivala adzafunanso pulogalamu yomweyo pa foni akafika pa Beitbridge kapena pa Mwanza. Wa Java naye asadzione wotsalira, JavaFX ndi Scene Builder zimagwira ntchito yofanana ndi ya Qt Designer.

Pali chinthu chimodzi chimene chasintha kuyeza konseku posachedwa. Microsoft inasiya chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta akale ambiri sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. Eni mashopu ena adzagula makompyuta atsopano, ena adzangopitiriza momwemo, ena adzapeza wowaikira Linux. Pulogalamu ya Qt, Lazarus, Avalonia kapena Tauri mukhoza kuimanganso kuti iyende pa Linux. Ya WinForms imatsalira pa Windows. Zaka zapitazo sindikanaiwerengera nkhani imeneyi pa ntchito ya mu shopu, koma panopa ndimafunsa kaye zaka za kompyuta ndisanasankhe. Ngati palibe chiyankhulo chimene mwazama nacho kale, ichi ndi chifukwa chinanso chimene ndikukukankhirani ku Python ndi PySide6. Ngati chilipo, musachisiye chifukwa chakuti anthu pa intaneti akutama china. Kuphunzira chiyankhulo chatsopano ntchito ili m'manja ndi kumene kumachedwetsa kuposa zonse.

Zimene zimafulumizitsa ntchito pa chida chilichonse

Patulani khodi ya ntchito ndi khodi ya mawindo. Kuwerengera mtengo wa katundu kukhale mu fayilo yakeyake imene sidziwa n'komwe kuti kuli batani. Mukatero mukhoza kuyesa mawerengero onse popanda kutsegula windo ndi kudinadina, ndipo telala akadzabwera ndi ntchito yake, theka la khodi mudzangolitenga. Pamenepo mpamene pamachokera liwiro lenileni la munthu wogwira yekha. Sungani pulogalamu imodzi ya maziko yokhala ndi polowera ndi password, fomu ya makasitomala, tebulo losakika, lisiti, ndi fayilo ya Inno Setup yokonzeratu. Ntchito yatsopano iliyonse iziyambira pamenepo. Isungeni mu Git, chida chosunga mbiri ya zosintha zonse za khodi, osati m'mafoda a mayina ngati "yomaliza" ndi "yomaliza yeniyeni".

Gwiritsani ntchito ma layout, amene amasanja okha zinthu pa fomu malinga ndi kukula kwa windo, musamakhomere zinthu pa malo ake ndi manambala. Laputopu yanu mwina ili ndi sikirini yaikulu, koma makompyuta ambiri a pakauntala ndi a 1366 ndi 768, ndipo abwana a maso otopa amakulitsa zilembo kufika 125%. Fomu yokhomeredwa ikafika pamenepo batani la kusunga limabisala kunsi kwa sikirini. Qt ili ndi ma layout mu Designer momwemo, WinForms ili ndi Anchor, Dock ndi TableLayoutPanel, Lazarus nayo ili ndi zake.

Imani kumbuyo kwa kalaliki tsiku limene lole ikunyamuka, muone manja ake. Anthu ali pamzere ndi zikwama za mashangani, matumba ndi mafiriji okulunga m'makatoni, iye dzanja limodzi lili pa tepi yomatira, linalo pa kiyibodi. Mawusi alibe nayo nthawi. Funso limene adzakufunsani ndi lakuti: "Akulu, bwanji ndikadina Tab ikudumphira ku mtengo ndisanalembe foni?" Konzani dongosolo la Tab kuti litsate mmene iye amafunsira kasitomala, Enter asunge, ndipo ikatha kusunga kasa (kachizindikiro kosonyeza polemba) ibwerere pa bokosi loyamba. Qt Designer, Visual Studio ndi Lazarus zonse zili ndi pokonzera zimenezi mwa kungodina. Makina owerengera barcode ambiri kompyuta imawaona ngati kiyibodi, choncho fomu yoyenda bwino pa kiyibodi imawalandira popanda khodi yowonjezera.

Ntchito yochedwa, monga kutumiza mafayilo pa intaneti kapena kupanga lipoti la chaka, musaiike pa thread (mzere wa ntchito mkati mwa pulogalamu) yomwe imajambula windo. Mukatero windo imauma gwa, Windows n'kulemba "Not Responding", ndipo kalaliki amaitseka ntchito ili pakati. Pa Qt pali QThread ndi QThreadPool, pa C# pali async ndi await.

Pa kusunga, SQLite ndi yokwanira pa kompyuta imodzi, ndipo ili ndi khalidwe lofunika kwambiri kuno. Load shedding inafika poipa mu 2023, ndipo ngakhale inachepa, magetsi amathimabe m'madera athu chifukwa cha mawaya obedwa ndi zina. Mukalemba mu SQLite kudzera mu transaction (kumanga zolemba zingapo kukhala ntchito imodzi), magetsi akathima pakati, zolembazo zimalowa zonse kapena sizilowa n'komwe, sipakhala lisiti la theka. Fayilo ya Excel kapena ya JSON imene mukulemba nokha ilibe chitetezo chotere. Chimene SQLite sikonda ndi kuika fayilo yake pa foda ya netiweki kuti makompyuta awiri azilembamo nthawi imodzi. Zikafika apo pitani ku PostgreSQL, database yolola makompyuta angapo kulembamo nthawi imodzi. Onjezani kuti pulogalamu izikopera database ku fulashi pa kutseka kulikonse. Kumbukiraninso kuti mmenemo muli mayina ndi manambala a foni a anthu, ndipo lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, likukhudza ngakhale ofesi ya chipinda chimodzi. Database yonse isamayende pa WhatsApp.

Pulinta iyeseni m'sabata yoyamba, yeniyeni ya kasitomala, osati yanu. Sindikizani lisiti la dzina lalitali ndi lina lokhala ndi chilembo cha ŵ, chifukwa timapulinta tambiri ta malisiti sitichidziwa ndipo timatulutsa chizindikiro cha funso m'malo mwake. Zikatero, tumizani lisiti ku pulinta ngati chithunzi kapena kudzera mu driver ya Windows.

Kenaka pali tsiku loika. Pulogalamu yosasainidwa ikatsitsidwa pa intaneti, SmartScreen ya Windows imatulutsa chenjezo la buluu, ndipo munthu wosadziwa amaganiza kuti mwamutumizira vairasi. Satifiketi yosainira imagulidwa ndi madola ndipo imatha nthawi, zomwe pa ntchito yaing'ono sizibweza ndalama. Choncho ulendo woyamba pitani nokha mukaike, muwaonetse abwana chenjezolo ndi podina pake, kuti mukadzatumiza yokonzedwa asadzachite mantha. Pa ngodya ya windo lembani nambala ya mtundu wa pulogalamu, ndipo zolakwika zonse zizilembedwa mu fayilo ya log yokhala ndi batani loitsegulira. Akadzaimba kuchokera ku Turffontein kuti "yakana", mudzawapempha awerenge nambalayo ndi kujambula mizere yomaliza ya log, vuto n'kulipeza musanakwere taxi.